Mfuti sinaphe kolera

Amayi ndi abambo a m'misika ya Kanyama, Chawama ndi Matero,

Mukukumbukira kumapeto kwa 2017. Kolera itavuta, boma linatulutsa masoja m'misewu ya Lusaka. Malonda a m'mbali mwa msewu analetsedwa, tuntemba tunagwetsedwa, ndipo mu Januwale 2018 anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda usiku mpaka chipolowe chinabuka. Manje tiuzeni, kolera inathawa mfuti? Mu 2024, boma litasintha kale, odwala anadzaza mu Heroes Stadium. Zitsime zosazama zija zikali pafupi ndi zimbudzi mpaka lero.

Msilikali uja anakuthamangitsani ndi mwana wa m'komboni monga wanu. Anzake amatumizidwa ku Central African Republic kukasunga mtendere, ena amabwerako m'bokosi. Kumutuma kukalimbana ndi amake ogulitsa tomato, pamene ntchito ya khonsolo yagona, ndi kumunyoza chabe.

Wofuna voti akabwera pamsika pano, musamusiye apite atangovina. Mumufunse kuti mapaipi a madzi adzafika liti pakhomo panu, ndiponso kuti mkazi wa msilikali womwalira amadikira miyezi ingati asanalandire ndalama za mwamuna wake.