Mdani wa ku Mizu

Vinyo amene timapereka pa guwa la nsembe amachokera ku mphesa, ndipo mbiri ya minda yake iri ndi phunziro kwa ife.

M'chaka cha 1863, kum'mwera kwa dziko la France, mipesa idayamba kufota ndi kuuma. Alimi adapenyetsetsa masamba, osapeza chifukwa. Mu 1868 katswiri wa zomera, Jules-Émile Planchon, adafukula mpesa wooneka wamoyo, napeza tizirombo tonga nsabwe, totchedwa phylloxera, tirikuyamwa mizu. Tidafika kumeneko pamodzi ndi mbande zochokera ku America.

Chionongeko chake chidali choopsa. Mu 1875 dzikolo lidatcheza malita a vinyo oposa 8 biliyoni. Pofika 1889 sadakwane ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Mabanja ambiri adasiya minda ya makolo ao. Ena adamiza minda m'madzi, ena adathira mankhwala m'nthaka, koma mliri sudathe. Chipulumutso chidadza pamene adamezanitsa nthambi za mipesa yao pa zitsa za mipesa ya ku America, imene mizu yake imapirira tiziromboti.

Tsono ife, makolo ndi akatekisiti, timasamala masamba: zobvala za Lamulungu, mbiri yabwino pamudzi. Nanga mizu ya banja tidaifukula liti? Mangawa, uchidakwa ndi kuleka kupemphera pamodzi zimadya mwakachetechete, monga chiswe m'nsichi. Tisadikire kuti ana afote. Tifukule lero, ndipo tilole kumezanitsidwa pa Yezu, mpesa weniweni. Amen.