Mawu a mlendo wolemekezeka pa msonkhano wa magulu a anthu ofuna kusiya mowa, ku Mponela

Ulemu waukulu upite kwa inu abale ndi alongo amene mukulimbana ndi mowa ndipo mwabwera. Sindikuuzani kuti muimirire tikuoneni. Kufika kwanu kwakwanira.

Vutoli tonse tikulidziwa. Fodya akagulitsidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza zikapita pa sikelo, pali makomo amene ndalama sizifikako. Zimathera pa Mponela pano, pa Madisi, pa Malomo. Boma lidaletsa mowa wa m'timapaketi mu 2015, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Zidathandiza, koma kachasu akutchezedwabe kuseri kwa nyumba, ndipo munthu wodzuka ndi matsire amadziwa khomo loti agogode kusanache. Lamulo silingakhale naye pambali nthawi imeneyo. Amene angakhale naye ndi mnzake amene adadutsamo.

Mu 1935, mumzinda wa Akron ku America, munthu wina wa bizinesi dzina lake Bill Wilson, amene adali atangosiya kumene mowa, adagwidwa ndi chilakolako ali pa ulendo. Adafunafuna chidakwa chinzake choti acheze nacho, ndipo adapeza dokotala, Bob Smith. Adazindikira kuti pouzana zoona zokhazokha, aliyense amalimbitsa mnzake. Apa ndiye padayambira gulu la Alcoholics Anonymous, limene lero lili m'maiko ambiri. Kulowa kwake kulibe malipiro. Chofunika n'chakuti munthu akufuna kusiya. Salumbira kuti wasiya mpaka imfa. Amangolimbikira kuti lero lokha asamwe, mawa adzayambenso chimodzimodzi.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Kumbukirani mmene magulu a anthu amene ali ndi HIV, monga a NAPHAM, adatulutsira abale athu m'nyumba mmene ankabisala ndi manyazi. Dokotala ankapereka mankhwala, koma amene ankakumbutsana kumwa mankhwalawo adali anthu a m'gulu.

Tsono gulu lotere mungalipeze bwanji? Yambirani pa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Pitani ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, pa Mponela pano, kapena ku chipatala cha mishoni ku Madisi, mukapemphe kuonana ndi woona za matenda a maganizo. Musachite mantha ndi dzinalo, sizitanthauza kuti mwapenga. Iwo ndiwo angakulozereni kumene anzanu amakumana, ndipo zikavuta angakutumizeni ku Saint John of God ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kumene amathandiza anthu amene agwidwa ndi mowa ndi chamba. Funsaninso abusa kapena ashehe anu.

Pano ndidekhe pang'ono, chifukwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, amene manja ake amanjenjemera m'mawa mpaka atamwako, asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. M'masiku awiri kapena atatu oyamba akhoza kukomoka ngati wa khunyu, kutuluka thukuta, kubwebweta, kuona zinthu zimene palibe. Achibale, mukaona zimenezi musati wamulodza. Thupi lake lidazolowera mowa ndipo likuvutika powusowa. Thamangani naye ku chipatala, mankhwala ake alipo. Gulu lidzamulandira akatuluka.

Munthu wa kwa Nthondo kapena ku Mvera sangakwanitse thiransipoti ya ku Lilongwe sabata iliyonse. Gulu liyenera kukhala pamtunda woyenda wapansi. Ngati kwanu kulibe, anthu atatu akwana kuyambitsa. Sankhani tsiku limodzi, nthawi imodzi, malo amodzi, ndipo musasinthesinthe, kuti wofooka akadzuka adziwe kopita osafunsa munthu. Ndikadakonda tsikulo likhale la msika, chifukwa ndi pomwe mayesero amakula.

Mafumu ndi atsogoleri a mipingo, pempho langa kwa inu ndi chipinda. Kalasi ya pa sukulu ana akaweruka, kapena chipinda cha pa tchalitchi. Mukapereka, inu tulukani. Musaikemo mlembi wolemba maina, ndipo musawerenge maina awo pa guwa kapena pa bwalo. Zonenedwa m'menemo zikangomveka pa mjigo kamodzi, gululo latha.

Inu a m'gulu, mnzanu akagwa n'kumwanso, musamuchotse. Kugwa kumachitika kwa ambiri asanaime. Mulondoleni mawa lake, mukamutenge pa tsiku la msonkhano. Amayi amene mumamwa mobisa, khomo ili ndi lanunso, ndipo ngati mukumasuka pakati pa amayi okhaokha, yambitsani lanu.

Tikamabalalika, alangizi a zaumoyo atsalira pano. Aliyense wofuna kudziwa tsiku ndi malo a gulu la kufupi ndi kwawo awaone payekha. Mafumu amene muli ndi chipinda choti mupereke, awuzeni lero lomwe musanakwere njinga zanu.