Kabokosi kokhala pakati pa mbale ndi kompyuta



Komiti yandipempha kuti tisanasonkhe ndalama zogulira sukulu yathu intaneti ya pa setilaiti, ndifotokoze chimene tikugulacho. Ambiri timangoganiza za mbale ya padenga. Ine ndikamba za kabokosi kotchedwa modemu, kamene kamalumikiza mbaleyo ndi makompyuta athu.

Modemu ndi womasulira. Kompyuta imadziwa manambala awiri okha, 0 ndi 1, pamene setilaiti imamva mafunde a wailesi. Mwana wa Fomu 4 akalemba funso pa kompyuta, uthengawo umagawidwa m'timaphukusi, kalikonse kali ndi keyala ya kumene kakupita ndi kumene kachokera, ngati kalata ya ku positi. Timaphukusito timapita ku rauta kudzera pa Wi-Fi kapena pa nthambo ya Ethernet, ndipo rauta imatipereka kwa modemu. Modemu imasandutsa manambala aja kukhala mafunde n'kuwatumiza ku mbale pa nthambo ya coaxial. Pambalepo pali zida ziwiri: BUC, imene imawapatsa mafundewo mphamvu zokwerera kumwamba, ndi LNB, imene imalandira mafunde ofooka otsika kuchokera ku setilaiti.

Setilaiti siyankha funso la mwana uja. Imangotsitsira uthengawo ku siteshoni yaikulu yapansi yolumikizidwa ku intaneti. Yankho limabwerera njira yomweyo, modemu n'kulibweza m'manambala, rauta n'kuona keyala ndi kulipereka kwa kompyuta imene inafunsa.

Masetilaiti amene amaoneka ngati aima malo amodzi ali pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator. Funso ndi yankho zimayenda mtunda umenewu kanayi, n'chifukwa chake pamadutsa pafupifupi theka la sekondi. A Starlink, amene anayamba kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2023, amauluka pafupi kwambiri ndi dziko lapansi, choncho yankho silichedwa. Pa makina amenewo modemu ili m'mbale momwemo, ndipo m'nyumba mumakhala rauta.

Tsono nali pempho langa. Chaka china, pa ofesi ina ya boma imene ndinkagwirako ntchito, tinakhala milungu itatu opanda intaneti, tikunyoza kampani ndi setilaiti yake. Katswiri atafika, atayenda ulendo wa tsiku lathunthu, anapeza kuti khoswe anatafuna nthambo yochoka pa modemu kupita pa rauta. Mafuta a galimoto yake anaposa kutali mtengo wa nthamboyo. Timagetsi ta pa modemu tinkasonyeza masiku onsewo kuti mbali ya setilaiti ili bwino, koma panalibe wodziwa kutiwerenga, ngakhale ineyo wa digiri.

Choncho pa ndalama zathu tisawerengere mbale yokha. Tiikepo waya woteteza ku mphezi, mabatire kapena sola popeza magetsi amazimazima, ndi zotsekera molumikizira nthambo kuti madzi asalowe. Tikumbukirenso kuti pali malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo akalekeka makina onse amasanduka chokongoletsera denga. Chachikulu, mphunzitsi mmodzi ndi ana awiri aphunzitsidwe kuwerenga timagetsi tija. Adziwenso kuti mvula yamphamvu imafooketsa mafunde kwa kanthawi, ndiye asamathamangire kukwera padenga kukagwedeza mbale.

Ife tinkaimirira pamzere kulimbirana buku limodzi la Physical Science m'laibulale. Ang'ono athu asadzalimbirane makina akufa. Mutu umodzi susenza denga, tsono amene mwalonjeza za mbale, lonjezaninso za mwezi ndi mwezi. Msungichuma ali ndi kope pakhomopo.