Mzere wa Ana Aamuna a Nyumba ya Gomani

Ife a kuno ku Blantyre tiwerenga mbumba potsata amayi, koma Angoni a Maseko awerenga potsata atate. Mputa anabala Chikuse, amene nkhondo yake inagwera midzi yozungulira Mishoni ino m'chaka cha 1884, anthu nathawira kumapiri. Chikuse anabala Gomani, amene Azungu anamupha mu 1896. Gomani anabala Philip, Mkhristu, amene anakana Chitaganya, namwalira mu 1954. Taonani, mdzukulu wa iye amene makolo athu anamuthawa anasanduka mbale wathu! Tsono inu aphunzitsi, funsani nkhalamba maina a atate awo, muwalembe zisanatisiye. Pakuti dzina losalembedwa litayika msanga.