MTENGO WOVUNDA NDI MATEMBERERO

Konzani Baibulo lanu, lero tikhala m'buku la Yoswa mutu 7, Ahebri mutu 12 ndi Agalatiya mutu 3. Koma ndisanafike kumeneko ndikufuna ndikutengereni kaye kumene achinyamata athu amakhala nthawi yambiri masiku ano, ku magemu a pa kompyuta. Paulo ali ku Atene anayamba ulaliki wake ndi guwa la nsembe limene analiona mumzindamo. Inenso lero ndiyamba ndi chimene ana athu akuona.

Pali gemu ina yotchedwa Dark Souls III. Inatuluka mu 2016, ndipo anaipanga ndi a kampani ya FromSoftware ya ku Japan, motsogozedwa ndi Hidetaka Miyazaki. Makolo mumve bwino apa, sindikuitsatsa ayi. Ndi gemu ya mdima ndi nkhondo, ndipo ku America anaiika m'gulu la magemu a anthu a zaka 17 kupita m'tsogolo. Dziwani zimene ana anu akusewera. Chimene ndikufuna m'menemo ndi chilombo chimodzi chokha.

Wosewera amafika m'mudzi wotchedwa Undead Settlement, mudzi wa anthu otembereredwa. Kumapeto kwa mudziwo kuli bwalo, ndipo pabwalopo pali chimtengo chachikulu, anthu atachizungulira, atagwada ngati akupembedza. Ukachiona koyamba umangoti ndi mtengo basi. Koma ukayandikira, chimtengocho chimayamba kugwedezeka. Chili ndi manja, chili ndi miyendo, ndipo chimabwera kudzakupha. Dzina lake ndi Curse-Rotted Greatwood, kutanthauza chimtengo chimene chavunda ndi matemberero.

Tsono mverani mbiri yake monga gemuyo imafotokozera. M'mudzimo munkalowa matemberero amitundumitundu. Oipitsitsa aja anawatenga n'kuwatsekera m'kati mwa mtengo wopatulika kuti mudzi upume. Anangowatsekera, sanawathetse. Nthawi itapita, matembererowo anaudya mtengowo m'kati mpaka unasanduka chilombo. Chimene chinali mosungira mavuto chinakhala vuto lalikulu kuposa onse.

Abale ndi alongo, amene analemba nkhani imeneyi samalemba ulaliki, koma wanena choonadi chimene Baibulo linanena kalekale: choipa chokwiriridwa sichifa, chimamera mizu. Nenani Amen kumene muliko.

Tsegulani Yoswa 7. Yeriko wagwa, ndipo Mulungu walamula kuti munthu asatenge kanthu pa zinthu zoperekedwa. Akani anaona chovala chokongola cha ku Babulo, masekeli 200 a siliva, ndi golide wolemera masekeli 50. Anatenga, nakumba pansi m'hema wake, nakwirira. Kunja hema wa Akani ankaoneka ngati mahema ena onse. Ankadya nsima yake bwinobwino, ankapatsa moni anansi ake. Koma Aisraeli atapita kukamenya kamzinda kakang'ono ka Ai, anathawa, ndipo amuna pafupifupi 36 anafa. Anthu amenewo sanabe kanthu. Ana awo anasanduka amasiye chifukwa cha chinthu chimene munthu wina anakwirira pansi pa mphasa yake. Akuluakulu amati choipa chitsata mwini, n'zoona, chinamutsata Akani mpaka m'chigwa cha Akori. Koma chisanamupeze chinali chitapweteka kale anthu osalakwa.

Ndikufunseni, m'banja mwanu mtengo umenewu uli pati? Mabanja ambiri ali nawo. Ndi nkhani ija imene aliyense amaidziwa koma palibe amaitchula. Munda uja umene amalume analanda ana amasiye. Katundu uja amene achibale anagawana maliro asanathe, mayi wamasiye n'kutsala ndi mphasa yokha. Mwana uja amene bambo munabereka kumbali, ndipo mpaka lero mai a kunyumba sakudziwa. Mwana wamkazi uja amene anachitidwa chipongwe ndi wachibale, akuluakulu n'kumuuza kuti khala chete, usatichititse manyazi. Mwatsekera zonsezo mumtengo wotchedwa ulemu wa banja, ndipo Lamlungu mumagwada mouzungulira mutavala bwino. Wolemba Ahebri 12:15 akutichenjeza za muzu wowawa umene umaphuka n'kuvutitsa, n'kudetsa anthu ambiri. Muzu umakula mobisika, pansi pa nthaka, usiku ndi usana, inu muli m'tulo.

Tibwerere ku gemu ija, pali chinthu china chimene achinyamata amene amasewera amachidziwa bwino. Ukamenya khungwa la chimtengocho ndi lupanga, palibe chimachitika. Lupanga limangodumpha. Ukhoza kumenya tsiku lonse, ukungotopa pachabe. Chilombocho chimavulala pokhapokha ukamenya zotupa zoyera, zooneka ngati mazira, zimene zamera pathupi pake: zina pamimba, zina kumsana, zina m'manja ndi m'miyendo. Uyenera kupeza pamene pali matenda n'kumenya pomwepo.

Akhristu ambiri tikumenya khungwa. Mukundimva? Tikusala kudya masiku 21, tikukwera phiri, tikufuula usiku wonse kumanga satana, koma m'bale wathu wa bere limodzi sitinalankhule naye zaka khumi. Tikudzudzula mzimu wa umphawi, ndalama za mwini tinakongola zija tikuzikana. Tikuloza agogo a kumudzi kuti ndi mfiti, pamene chotupa chenicheni chili mumtima mwathu momwemu. Pemphero ndi lamphamvu, kusala kudya n'kwabwino, ine ndimasala. Koma Yesu pa Mateyu 5 anaphunzitsa kuti ukafika ndi mphatso yako kuguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye mphatsoyo pomwepo, ukayambe wayanjana naye. Kumeneko ndiye kumenya pachotupa.

Ndikuchenjezeni, sizikhala zophweka. Mu gemumo, ukangoyamba kuphulitsa zotupazo, pansi pamagumuka, iwe ndi chilombocho n'kugwera m'dzenje. Ndipo m'mimba mwa mtengowo mumatuluka dzanja lalitali loyera limene linabisala m'kati, n'kuyamba kukugwira. Nkhondo imakula isanathe. Chimodzimodzi tsiku limene mudzatsegule pakamwa kunena zoona m'banja. Ena adzakwiya. Ena adzati mwabwera kudzapasula mtundu. Musabwerere m'mbuyo. Chimene chatulukacho chinalimo kale, kungoti lero chaonekera. Ndipo chinthu chikaonekera, chikhoza kugonjetsedwa. Davide pa Salimo 32 akuchitira umboni kuti nthawi imene anakhala chete thupi lake linkafooka, koma ataulula tchimo lake Yehova anamukhululukira.

Mwina wina akuti, abusa, ine ndingozilambalala. Inde, ngakhale mu gemumo chilombochi ukhoza kuchisiya osamenyana nacho, n'kupitiriza ulendo. Koma m'moyo, mtengo umene mwaulambalala inu, ana anu ndi amene adzaupeze pabwalo. Kodi cholowa chimene mukufuna kuwasiyira ndi chimenecho?

Tsopano mverani Uthenga Wabwino. Aleluya! Anthu a m'mudzi uja anaganiza bwino pa chinthu chimodzi: temberero limafuna pokatera. Analakwitsa mtengo. Deuteronomo 21:23 imanena kuti munthu wopachikidwa pamtengo ndi wotembereredwa. Ndipo Paulo pa Agalatiya 3:13 akutiuza kuti Khristu anatiombola ku temberero la chilamulo posanduka temberero m'malo mwathu, pamene anapachikidwa pamtengo. Pa Gologota panaimikidwa mtengo, ndipo amene anapachikidwapo anasenza tchimo langa ndi lanu. Mtengo wa mu gemu unalandira matemberero n'kuvunda. Yesu analandira matemberero, anafa nawo, anaikidwa m'manda, koma thupi lake silinavunde. Tsiku lachitatu anauka! Kumeneko ndi kumene mungatule katundu wanu osaopa kuti adzakudzukirani mawa.

Choncho sabata ino chitani zinthu zitatu. Choyamba, chitchuleni dzina chinthucho pamaso pa Mulungu, monga 1 Yohane 1:9 ikutilimbikitsa kuvomereza machimo athu. Chachiwiri, pitani kwa munthu amene munamulakwira, ndipo ngati n'chobwezeka, bwezani monga anachitira Zakeyu. Chachitatu, ngati nkhaniyo ndi ya mwana amene akuzunzidwa, musaithetsere m'nyumba. Kauzeni apolisi kapena a zachitetezo cha ana lero lomwe, pemphero liyende limodzi ndi chilungamo.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, m'dzina la Yesu, unikani m'mahema mwathu. Chilichonse chimene tinakwirira, tipatseni mphamvu yochifukula. Muzu uliwonse wowawa uzulidwe. Chiritsani mabanja amene akumva mawu awa, ndipo mutonthoze iwo amene anauzidwa kukhala chete. Tikutula zonse pamtanda wa Mwana wanu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Ambuye akusungeni mpaka tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.