Khutba ya Ijumaa: Malo a Anthu Aulumali pa Ntchito Zathu

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad (S.A.W), akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ife timaudziwa ululu wa kusalidwa pa ntchito. Mlongo akauzidwa kuti avule hijabu, kapena m'bale akakanizidwa ola limodzi la Swala ya Ijumaa, timadandaula, ndipo timadandaula moyenera. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kusala wantchito chifukwa cha chipembedzo. Koma lamulo lomwelo, pa ndime yomweyo, limatchulanso ulumali. Lero sindikulankhula ndi mabwana a m'tauni ayi. Ndikulankhula ndi inu eni maboti, eni magolosale ndi makomiti a madrasa kuno kunyanja.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali, ndipo anthu achialubino anaposa 134,000. Boma linakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012, n'kulikonzanso mu 2024. Nanga anthuwa ali kuti pa ntchito zathu? Ambiri timawaona pakhomo la mzikiti, tsiku ngati lalero, akudikira sadaka.

Kumbukirani Abdullah ibn Umm Maktum (R.A). Anali wosaona. Mtumiki (S.A.W) ali kalikiliki kulankhula ndi akuluakulu a Makka, anamutembenukira kumbali, ndipo Allah anavumbulutsa chiyambi cha Surat Abasa pa nkhani yakeyo. Ku Madina, munthu yemweyu anapatsidwa ntchito ya adhana pamodzi ndi Bilal (R.A). Taganizani: adhana ya Fajr imafuna maso oona kucha kwa m'bandakucha, ndipo swaumu ya mzinda wonse inkadalira kuitana kwakeko. Sanamulande ntchitoyo. Anthu ankamuuza kuti kwacha, iye n'kuitana. Kangapo konse Mtumiki (S.A.W) pochoka ku Madina ankamusiya kuti azitsogolera Swala. Chimene chinkasowa chinali chaching'ono, ndipo anzake anachikwaniritsa. Luso linali lake.

Ife tapotoza. Timayamba kuwerenga zimene munthu sangathe, n'kuiwala kumufunsa zimene angathe. Mnyamata wachialubino dzuwa limamuwononga khungu mpaka kudwala khansa, zimenezo n'zoona. Koma kodi usipa sitipha usiku ndi nyali? Kodi kuwerengera zigoba ndi kulemba ndalama sikungachitikire pamthunzi, iye atavala chipewa ndi malaya a manja aatali? Wolumala miyendo amasoka chilimira bwino lomwe. Wosamva amagulitsa m'golosale ngati mitengo yalembedwa poyera. Mtsikana wosaona amene wasunga Qur'an pamtima angaphunzitse ana pa madrasa.

Ndipo mukamulemba, mum'patse malipiro ofanana ndi a anzake. Ena amam'patsa theka, amvekere tikungomuthandiza. Limenelo si thandizo, ndi kudya thukuta la munthu, ndipo tidzafunsidwa pa Tsiku la Kiyama. Alovi nawonso asiye mayina onyoza amene amaitanira anzawo padoko.

Ndikupempha makomiti a mizikiti ndi madrasa kuti ayambe ndi pakhomo pawo. Masitepe ambiri ndi aatali moti njinga ya wolumala singakwere, ndipo malo otawazira ndi oterera. Matumba ochepa a simenti akwanira kukonza polowera mvula isanayambe.