Tchulani Uchidakwa ndi Dzina Lake

Lero tilingalire za mau amene timanena tikaona munthu akudzandira pamseu. Kawirikawiri sitinena kuti waledzera. Timati "wakhuta," kapena "wayaka," ndipo tonse timaseka.

Kodi mau amenewa anachokera kuti? Kukhuta ndi liu la pa nsima, liu loyamikira Mulungu chaka cha zokolola zambiri. Ife talilanda ndi kulipereka kwa mowa. Bambo wakhuta, koma ana ake agona ndi njala, pakuti chimanga cha m'nkhokwe chinathera ku masese. Kuyaka ndi liu la moto. Nanga chimene chikuyakacho nchiyani? Ndi ndalama za fizi ya ana, ndi chiwindi cha mwini wakeyo, ndi mtendere wa banja.

Mau ena ndi alendo. Chidakwa ndi mbale wake wa liu la Chizulu lakuti isidakwa, limene amuna athu ankalimva ku migodi ya ku Joni. Kachasu ndi dzina lochokera ku liu la Chipwitikizi lakuti cachaça, mowa wotchezedwa kuchokera ku nzimbe. Koma liu lakuti mkalabongo ndi lathulathu, ndipo silibisa kanthu: limanena za chakumwa chokala bongo. Amene analipeka anali ataona ndi maso ao.

Pa tsiku la Pentekoste, anthu ena a mu Yerusalemu anaseka Atumwi kuti aledzera vinyo. Petulo Woyera anawayankha kuti kunali kukali m'mawa. Atumwiwo anali atayakadi, koma ndi moto wa Mzimu Woyera. Ndipo Paulo Woyera, polembera Aefeso m'mutu 5, akutilangiza kusankha kudzazidwa ndi Mzimuyo m'malo mwa vinyo.

Tsono inu makolo, musaphunzitse ana kuseka chinthu chimene chimaliza amai ao usiku. Inu akatekisiti, munthu wogwidwa ndi mowa musamnyoze pa gulu. Mufikireni kwao, mukambe naye mwaulemu ndi moona. Ndipo inu mbale wanga amene mowa wakumangani, mukagwada m'Sakramenti la Kulapa musanene kuti munangokhuta pang'ono. Nenani kuti munaledzera. Sing'anga sachiza nthenda imene wodwala akuibisa.

Ambuye akudalitseni, inu pamodzi ndi mabanja anu. Amen.